Atchule Dzina Limodzi

Otilia anagwada pafumbi lotentha, kumbuyo kwake chitseko chokhoma, m'katimo mwamuna wake Edmund atadzitsekera. Anthu a kwa Ndamera anali atadzaza pakhomo, ena ndi miyala, wina ndi machesi. Denga linali la udzu wouma.

Mlandu unachokera pa wayilesi. M'mawawo inalengeza kuti kafukufuku wapeza zoti phungu wa deralo apambananso, ati anthu ambiri akumufunabe. Phungu wake uti? Yemwe uja sanapondeko phazi madzi atakokolola minda! Pamsika, pamjigo, ngakhale pamaliro, aliyense ankamutukwana poyera. Tsono amene anayenda khomo ndi khomo kufunsa mafunso a kafukufukuyo anali Edmund.

Anthu ankati a wayilesi agulidwa, naye Edmund wanyambitako. Otilia sanatsutse. Manyazi ankamudya, pakuti nayenso sankaona kumene mayankho otere akanachokera kupatula m'mutu mwa mwamuna wakeyo. Anali atamuchonderera pawindo kuti avomere bodzalo, apepese, nkhani ithe. Koma Edmund, kuuma mutu kwake kuja, anangoti analumbira kuti sadzaulula zimene munthu aliyense anamuyankha.

"Atchule dzina limodzi lokha!" anakuwa wa machesi uja. "Anamuuza zimenezo ndani?"

Gulu lonse linavomereza, miyala iwiri n'kugwera pachitseko.

Otilia anakwawa mpaka pamapazi pa a Paison, mkulu amene ankatsogolera anthuwo, yemwenso anali nkhoswe ya ukwati wake. Anawagwira mwendo, misozi ili chuchuchu. Anawapempha kuti amulole alowe, amutulutsa yekha mwamunayo. Ngati dzinalo lilipo, alitchula pamaso pa onse. Ngati palibe, agwada pansi avomere kuti ananama. Koma moto wokha ayi, chonde, iye alibe kwina kolowera ndi ana.

A Paison anawerama ngati akufuna kumukankha.

"Mwanawe, ukamuuze asatsegule pakamwa," anamunong'oneza. "Ife tinkayesa akulemba oti alandire chimanga cha chithandizo, ndiye ndani akanamukana phunguyo? Akayamba kutchula, loyamba ndi langa, kenako onse ukuwaonawa. Awa alolera kuti nyumbayi ipse kusiyana n'kumva maina awo."