Tabuleti Yofuna Nkhope ya Adadi

"Adadi, yatsekekanso."

Bamboyo sanachotse zala pa laputopu. Anangotembenuza mutu, kamtsikana kake n'kuimika tabuleti patsogolo pake, loko n'kutseguka. Lokoyu anamukonza yekha, poti ntchito yake ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta: nthawi ya makatuni ikatha, tabuleti imadzitseka, ndipo siitseguka isanaone nkhope ya bambo. Kuntchito ankadzitama nayo nzeru imeneyi.

Sipanapite nthawi, uyo wabweranso.

"Adadi, yatsekekanso."

"Iwe, wandikwana! Makatuni akupengetsa eti? Bweretsa kuno, suigwiranso!"

Mwanayo anaipereka, n'kukabisala kuseri kwa katani.

Mkazi wa bamboyo, amene ankasita zovala pakona, anaimika simbi.

"Bambo ake, chinthu chopanga nokha chikupusitseni? Nthawi yake sinathe. Amaitseka dala ndi kabatani kam'mbaliko. Makatuniwo sakuonera n'komwe."

"Nanga aitsekeranji?"

"Ndinamufunsa dzulo. Akuti tabuleti ndi yamwayi, ikatsekeka adadi amaiyang'ana. Ndiye iye amaima kumbuyo kwa tabuletiyo, kuti mwina maso anu angamugwereko."

Bamboyo anatembenukira kukatani. Anayesa kukumbukira mtundu wa diresi limene mwanayo wavala kuyambira m'mawa, koma zinakanika. Anatseka laputopu pang'onopang'ono, n'kukagwada pafupi ndi katani ija, pamene tizala takumiyendo tinkaonekera pansi.

"Mama, tatuluka ndikuone."

Mwanayo anasuzumira, kenako anayang'ana manja ake opanda kanthu.

"Koma adadi, tabuleti mwandilanda. Muyang'ana chiyani?"