Mpweya wa Fusae

Kuwabara, injiniya wamkulu, anaima kumbuyo kwa Fusae, kalata yolamula kutseka chipinda chopangira matiranzisita, tizipangizo ta m'wailesi, ili m'thumba la malaya. Pa matiranzisita zana alionse amene fakitale yawo ya ku Tokyo inkapanga chaka cha 1956, asanu okha ndiwo ankaliza wailesi. Asanuwo ankachokera pa tebulo la mayi ameneyu basi.

"Mayi Fusae, mumathira mankhwala anji?"

Fusae anapitiriza ntchito yake. Diso lili pagalasi lokulitsa zinthu, anatsitsira kawaya konga tsitsi pa kanjere ka jemeniyamu, kamene ndi mtima wa tiranzisita. Chifuwa chake sichinkakwera kapena kutsika. Kawaya katagwira, anatembenuzira nkhope kumbali, ndiye n'kupuma.

"Mumati chiyani, abwana?"

"Kodi simupuma?"

"Ndipumire pamenepa? Ine ndakulira kupota silika. Ulusi ukaupumira umachita chinyezi. Kusukulu zanu zazikuluzo sanakuuzeni kuti mpweya wa munthu ndi madzi?"

Azimayi anzake anafa nalo phwete. Kuwabara anayang'ana mzere wonsewo: pakamwa pa aliyense panali pafupi ndi kanjere kake.

Anamuweramira Fusae mpaka kalata ija inagwa pansi. Sanaitole.