Banga la Patsaya

"Ameneyu ndani?" bambo anafunsa atagwira chithunzi chachikulu chomwe mwana wawo wamkazi anabwera nacho kuchokera kwa wojambula.

"Ndi amayi, ababa. Patha chaka chimwalirireni, ndiye ndati tiwapachike pabalaza."

"Amayi ako anali ndi banga lakuda patsaya ili. Lapita kuti?"

"Ndinamuuza wojambula kuti alifufute. Linkawaipitsa nkhope. Simukuona mmene akongolera?"

Bambo anasisita tsaya losalalalo ndi chala, kenako anatembenuza chithunzicho kuti chiyang'ane kukhoma.

"Tsiku limene ndinawaona koyamba pokwerera basi, chinandiimitsa ndi banga lomwelo. Zaka makumi atatu, ndikadzuka m'mawa ndinkayamba kuyang'ana ilo. Uyu ndi mkazi wa eni ake, sindikumudziwa. Mchotse m'nyumba mwanga."

Mwanayo anathamangira kubafa akulira. Misozi inakokolola phaudala yemwe ankadzola mochindikala tsiku ndi tsiku chiyambire ali kusekondale, moti anangoganiza zosamba kumaso. Atadzutsa mutu, banga lomwe anatengera kwa mayi ake linaonekera bwinobwino pagalasi, patsaya lomwelo.

Anatuluka mwachangu kuti akatenge phaudala m'chikwama chake, koma pakhomo la bafalo anakumana ndi bambo ake. Iwo anaima pomwepo. Anamuyang'anitsitsa patsaya, n'kulankhula chapansipansi ndi mawu ofewa omwe mwanayo anali asanawamvepo.

"Amake mwana, mwabwera?"