Nkhope ya m'Botolo

Bohdana anavala magolovesi oyera n'kuyala chithunzicho patebulo, m'sitolo yake ya zithunzi zakale ku Prague. Chinali ngati zina zimene ankazidziwa bwino: nkhalamba yamakedzana itawerama pang'anjo, mmodzi wa anthu aja ankathera moyo wonse kuyesa kusandutsa mtovu kuti ukhale golide.

"Ndachitola pamsika ku Kolín," anatero a Kubát, ogulitsa chilichonse chokhala ndi fumbi. "Akuti n'cha malemu bambo anu. Mukachikana inu mayi, ndikakulungira soseji."

Bohdana sanaseke. Kuseka kunamuthera zaka khumi ndi zisanu zapitazo, tsiku limene chikhoti cha bambo ake, a Alois Vrba, chinapezeka m'mbali mwa mtsinje wa Vltava, eniake osaoneka. Anakwirira bokosi lopanda munthu. Kuyambira pamenepo mtima unangochita dzanzi. Ngakhale chaka chatha, atagwa panjinga n'kung'ambika chibwano, adokotala ankamusoka iye akungoyang'ana kudenga, ngati akusoka malaya a munthu wina.

Bambo akewo anazokota pamkuwa n'kudinda zithunzi khumi ndi chimodzi za nkhalamba zofuna golidezi, ndipo anthu osunga zithunzi ankachita kulimbirana. Akathyali nawo sanagone. Bohdana anali atabweza zabodza zosawerengeka, chifukwa ankadziwa chinsinsi chimene iwo sankachidziwa. M'chithunzi chilichonse, m'mimba mwa botolo lapangodya, bambo ake ankabisamo kankhope ka mwana wawoyo, kochepa ngati njere ya mpiru, monga momwe ankaonekera chaka chimenecho.

Za chithunzi chakhumi ndi chiwiri anali asanamvepo. Ichi chikakhala chenicheni, ndiye kuti inali ntchito yomaliza ya dzanja lawo asanamire, ndipo akanatsala nacho iye.

Anatenga galasi lokulitsa zinthu. Mizere inali yawo ndithu, yopendekera kumanzere. Anatsitsa galasilo mpaka pabotolo. Nkhope inalimo.

"N'chawo," anatero ndi mawu ozizira.

"Basi, soseji yanga igona yosafunda," anatero a Kubát akutikita manja.

Bohdana anati aike galasi pansi, koma dzanja linakana. Nkhope ya m'botolomo sinali ya mayi wa zaka makumi atatu amene bambo ake anamusiya. Inali ndi imvi, ndipo pachibwano panali chipsera cha njinga ija.