Mkamwini amene anawotcha miyala m'nyumba

Panali munthu wina ku Chiringa, dzina lake Goodman, mkamwini pamudzi pa mkazi wake Eneless. Munali mu 1998. Tsiku lina pamsika anakumana ndi mlendo atanyamula miyala yobiriwira m'kathumba.

"Muli mkuwa umu, achimwene," anatero mlendoyo. "Musinje, musakanize ndi makala, muwotche kwambiri, mkuwa utsala wokha. Koma asaone munthu. Diso la nsanje likaona, mkuwa umathawa."

Goodman anapereka njinga yake n'kutenga miyalayo. Njinga yathunthu, anthuni!

Panjira anakumana ndi a Makina, malume ake a Eneless, amene anagwirapo ntchito kumigodi ya mkuwa ku Zambia, ndipo anawafunsa mozungulira za kuwotcha miyala ya mkuwa ndi makala.

"Za makalazo n'zoona," anatero a Makina. "Koma moto wake ndi wapanja. Makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo. Umapha."

Goodman anangoti zikomo. Mumtima anati, akuchikazi akufuna aone, mawa azidzati chumachi chatuluka pamalo pawo.

Mawa lake masana, anthu ali kumunda, anatseka chitseko n'kutsekera zisanza m'mawindo. Anakoleza mbaula ziwiri. Eneless ankakupiza moto ndi chivundikiro cha poto.

"Bambo, mutu ukundipweteka. Titsegule pang'ono."

"Pirirani mayi, kwatsala pang'ono."

Makala atachepa, Goodman anatuluka ali dzandidzandi kukapempha ena kwa mnzake. Anakhoma loko panja kuti munthu asalowe. Pobwera anapeza Eneless atatsamira khoma, chivundikiro chikadali m'manja. Anamuitana kawiri. Kachitatu sanaitanenso.

Ine nkhaniyi sindidziwa kuti ndikwiyire ndani. Ngakhale akuchikazi sanamukalipire Goodman. Maliro atatha anangomuikira chikwama chake pakhonde.

A Makina, posesa phulusa m'nyumba muja, anatola kanthu kofiirira, kukula ngati njere ya nandolo. Anakaika m'dzanja la Goodman.

"Mkuwa wanu uwu. Sunathawe. Palibe amene anauona."

Goodman anaufumbata. Kwawo anapita wapansi.

Phunziro: Mlendo akakuuzani kuti "asaone munthu", dziwani kuti akukuchotsani kwa amene akanakupulumutsani. Mverani odziwa ntchito, ngakhale akhale akuchikazi. Ndipo musayatse makala m'nyumba yotseka, kaya mukuphika kaya mukuwotha. Auzeni abale anu nkhaniyi nyengo yozizira isanafike.