Fungo la Buledi Wopserera

"Ndalamazo zipite kuchipatala, alamu, osauka azikajambulitsa mutu," anatero Nawal ataima pakhomo pa sitolo ya Haji Fathi.

"Mwachedwa, mayi a Tarek. Ndagula kale thanki ya madzi ozizira. Tiika pamsewu, dzina la Sobhi pamwamba. Aliyense womwapo azimupempherera."

Msewu wonse unali utasonkha ndalamazo pokumbukira Sobhi, mwamuna wa Nawal, amene anafa ndi chotupa cha mu ubongo. Matendawo anayamba ndi kumva fungo la buledi wopserera pomwe panalibe moto. Fathi, mkulu wa Sobhi, anati ndi majini, n'kumuzungulitsa kwa owerenga mapemphero miyezi isanu ndi itatu. Pofika kwa dokotala, chotupacho chinali ngati dzira la bakha.

"Munamumwetsa madzi owerengeredwa mapemphero mpaka kumanda. Tsopano mumwetse mzinda wonse wa Tanta?" anatero Nawal.

"Pakamwa panupo mpomwe panamudwalitsa mng'ono wanga," anayankha Fathi.

Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti, anazungulira thankiyo. Fathi anatunga kapu yoyamba. Asanamwe anaima, n'kukwinya mphuno.

"Ndani akupsereza buledi? Kuyambira Lolemba fungoli likungonditsatira."

Anthu ananunkhiza uku ndi uku. Ophika buledi pakona anali atatseka kuti akapemphere, ndipo utsi panalibe paliponse.

Nawal anamuyang'ana nthawi yaitali. Kapu inapendekeka m'dzanja lamanzere la Fathi, madzi akudonthera pa nsapato.

"Imwani, alamu," anatero. "Ndi zomwe munagula."