Tsitsi Lofiira pa Jekete ya a Osward

Katundu wa Lonia anali kale pakhomo, womangidwa m'chitenje. M'manja anali ndi umboni: tsitsi lalitali lofiira la wigi, lachitatu kulitola pa jekete ya amuna ake mwezi umodzi. Lake ndi lakuda, lalifupi ngati la mwana wa sukulu.

"Bambo a Eneya, ine ndikupita kwathu ku Mlolo. Mwini tsitsili abwere azikuphikirani."

A Osward, mkulu wa mpingo wodziwika Zingalume yonse, sanatekeseke n'komwe. Anangoloza kudenga la khonde, pamwamba penipeni pa msomali umene amakolekapo jekete akabwera kuchokera ku misonkhano ya Lachitatu. Pamenepo pankalendewera kachisa ka choso, kambalame kamlomo wautali wopindika kamene kamayamwa timadzi ta m'maluwa a nthochi kuseri kwa nyumba.

"Amake Eneya, takwerani pampando muone nokha."

Lonia anakwera n'kusuzumira. Pakati pa thonje ndi ulusi wa kangaude panali tsitsi lofiira, lolukidwa bwinobwino.

"Kamatola ku saluni ya pamsika n'kumagwetsera pa jekete yanga," anatero a Osward modekha. "Banja la zaka khumi ndi zisanu lithe chifukwa cha mbalame?"

Manyazi anamugwira Lonia. Anamasula katundu, anagwada, anapepesa. Tambala amene ankasungira Khirisimasi anafa tsiku lomwelo wopanda mlandu, ndipo a Osward anadya ntchafu zonse ziwiri ndi nkhope ya munthu wolakwiridwa. Lamlungu analalikira za kuipa koweruza msanga, kambalameko kali m'kamwa kuyambira poyamba mpaka ameni. Amayi a mumpingo ankamuyang'ana Lonia cham'mbali, iye atangoweramitsa mutu.

Komabe mumtima anali wokondwa kuti banja lake lapulumuka. Pofuna kuti amuna ake asanamiziridwenso, anazula msomali uja n'kukaukhoma pamtengo wa mango, kutali ndi chisa. Jekete anaichapa, anaisita, anaiyang'ana kunja ndi m'kati. Panalibe ngakhale katsitsi kamodzi.

Lachitatu masana a Osward anabwera kuchokera ku msonkhano akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Anakoleka jekete pamango paja n'kulowa kubafa. Lonia anali pakhonde akusenda mtedza m'lichero, akumwetulira mboni yake yanthenga.

Kambalameko kanatuluka m'chisa kukamwa kulibe kanthu. Sikanalowere kumsika. Kanakatera pa kolala ya jekete, kanasolola tsitsi lalitali lofiira, n'kubwerera nalo kuchisa.

Lonia anayang'ana nthenga za tambala wake padzala, naika lichero pansi pang'onopang'ono.